CHAKA CHIMENE MATABELELAND INATENGA CHIKHO CHA LOGAN

Anzanga ophunzira akale, a mkonzi a kalata yathuyi akhala akupempha kuti ife amene tinakhalapo kunja tizilemba zimene tinaona kumeneko, kuti tsamba la mbiri lisamangodzaza ndi zolengeza za maukwati ndi maliro. Ine ndasankha kulemba za masewero a kiriketi, makamaka mpikisano wolimbirana Chikho cha Logan m'dziko la Zimbabwe m'nyengo ya 1995/96. Zaka zimenezo n'kuti ndili ku Bulawayo, kumene ndinkagwira ntchito ya ukalaliki pa kampani ina, ndipo masewero omaliza a mpikisanowo ndinaonera ndi maso angawa. Ndikudziwa kuti ambirife pasukulu paja tinkangodziwa mpira wamiyendo, wamanja ndi mjaha. Komabe nkhaniyi ikutikhudza, chifukwa mwa anthu amene ankathirira ndi kutchetcha mabwalo a kiriketi ku Zimbabwe munali akwathu, ena a iwo ochokera konkuno ku Chiradzulu.

MASEWEROWO MWACHIDULE

Kwa amene sanaonerepo, kiriketi imafananako pang'ono ndi raundasi ija tinkasewera ku pulaimale. Timu iliyonse imakhala ndi anthu 11. Pakati pa bwalo pamakhala kanjira kosalala, kouma gwa, kotalika mayadi 22, ndipo mbali zonse ziwiri za kanjirako amazikako timitengo titatu totchedwa wiketi. Timu imodzi imaponya mpira ndi kulondera bwalo, inayo imamenya. Omenya amalowa awiriawiri. Woponya amalunjika pa timitengo tija, womenya amatchinga ndi thabwa lake, ndipo akaumenya mpirawo awiri aja amathamanga kusinthana malo. Kusinthana kamodzi ndiko rani imodzi. Mpira ukagubuduka mpaka kumalire a bwalo ndi marani 4, ukadutsa malirewo uli m'mwamba ndi marani 6.

Womenya amatuluka mpira ukagwetsa timitengo, kapena wina akauwakha usanagwe pansi, kapenanso mwendo wake ukatchinga mpira umene umapita pa timitengo. Kumbuyo kwa timitengo kumaima munthu wovala magolovesi, wiketikipa, amene tingamuyerekeze ndi goloboyi. Iyeyu amawakha mipira imene yangokhudza thabwa m'mphepete, ndiponso amagwetsa timitengo womenya akataya malo ake. Anthu 10 akatuluka, chigawo chatha, ndipo matimu amasinthana.

Masewero otchedwa first-class ndi amene amakonzedwa kuti atenge masiku atatu kapena kuposerapo, timu iliyonse n'kukhala ndi zigawo ziwiri zomenya. Bungwe loyendetsa kiriketi pa dziko lonse linakhazikitsa tanthauzo limeneli mu 1947. Kufunika kwake n'kwakuti rani iliyonse ndi wiketi iliyonse ya masewero oterewa imalembedwa m'mabuku a mbiri ya kiriketi, ndipo munthu wa ku India kapena ku England angathe kuipeza patapita zaka 100. Masiku akatha popanda wopambana, matimu amati afanana mphamvu.

CHIYAMBI CHA CHIKHO

Kiriketi inalowa m'dziko lija pamodzi ndi atsamunda. Masewero oyamba amene analembedwa anachitika mu Ogasiti 1890 pafupi ndi Fort Victoria, komwe lero ndi Masvingo, pakati pa azungu a gulu limene Cecil Rhodes anatumiza kukalanda dzikolo. Posakhalitsa matauni a Salisbury ndi Bulawayo anayamba kulimbana, ndipo mkangano wa matauni awiriwa sunathe mpaka lero.

Chikhocho chinatenga dzina la James Douglas Logan, mbadwa ya ku Scotland amene anabwera ku South Africa ali mnyamata, nayamba ntchito ya njanji, kenaka n'kulemera ndi malonda a zakudya m'masiteshoni a sitima. Ndiye anamanga kamudzi ka Matjiesfontein m'dera louma la Karoo. Anali wokonda kiriketi kwambiri, moti analipirira ulendo wa timu ya South Africa ku England mu 1901. Chikho chimene anapereka kwa anthu a ku Rhodesia chinayamba kulimbiranidwa mu 1903.

Kwa zaka 90 chikhochi chinali cha masewero ang'onoang'ono a m'zigawo. Masewero a first-class a dzikolo ankachitikira mu mpikisano wa ku South Africa wa Currie Cup, umene Rhodesia inalowamo koyamba mu 1904/05 ngati chigawo chimodzi cha kumeneko. Chikho cha Currie sinachitengepo. Dziko litalandira ufulu mu Epulo 1980, ubale wa masewero ndi South Africa unaduka kaamba ka tsankho, ndipo osewera a Zimbabwe anatsala akudikira matimu oyendera ochokera kunja. Ngakhale zinali choncho anachita zodabwitsa. Anatenga chikho cha maiko ang'onoang'ono cha ICC Trophy katatu kotsatizana, mu 1982, 1986 ndi 1990. Mu World Cup ya 1983 anagonjetsa Australia ndi marani 13 ku Nottingham, kaputeni Duncan Fletcher atamenya marani 69 ndi kutulutsa anthu anayi. Mu 1992 anagonjetsanso England ku Albury m'dziko la Australia.

Vuto linali lakuti anyamata aluso ankathawira kunja. Wodziwika kwambiri ndi Graeme Hick, amene anakulira pa famu ya fodya ku Trelawney koma anakasewerera England kuyambira 1991. Pofuna kutseka mpata umenewu akuluakulu a kiriketi anapempha kuti dzikolo liloledwe kusewera masewero a masiku asanu otchedwa Test. Pempholo linavomerezedwa mu Julayi 1992, ndipo Zimbabwe inakhala dziko la nambala 9 pa mndandandawo. Mu Okutobala chaka chomwecho inafanana mphamvu ndi India ku Harare Sports Club, kaputeni Dave Houghton atamenya marani 121. Tsono dziko losewera Test liyenera kukhala ndi mpikisano wakewake wophunzitsira osewera kupirira masiku angapo padzuwa. N'chifukwa chake kuyambira nyengo ya 1993/94 Chikho cha Logan chinakwezedwa kukhala cha first-class.

MATIMU ANAYI

Osewera anali ochepa, moti matimu anangokwana anayi, ndipo atatu mwa iwo anali a chigawo chimodzi. Panali Mashonaland, timu ya akatswiri a m'makalabu a ku Harare. Panali timu ya achinyamata a m'chigawo chomwecho, imene poyamba inkatchedwa Mashonaland Under-24s ndipo mu 1995/96 inali Young Mashonaland. Panali Mashonaland Country Districts, yoimira madera a mafamu. Yachinayi inali Matabeleland, yoimira Bulawayo ndi madera ozungulira.

Chaka choyamba chikho chinapita kwa achinyamata aja a Under-24, amene anakumana ndi Matabeleland mu ndime yomaliza. Mu 1994/95 chinapita kwa Mashonaland. Motero pofika Seputembala 1995 anthu a ku Bulawayo anali asanachigwirepo chikhwezedwereni. Amene munakhalako ku Zimbabwe mukudziwa mmene anthu a mumzindawu amadandaulira kuti zabwino zonse zimathera ku Harare, kaya ndi ndalama za boma, malikulu a makampani, ngakhale malo mu timu ya dziko. Chilala cha 1992 chinali chitausautsa mzindawo ndi kusowa kwa madzi, ndipo ndondomeko ya chuma ya ESAP, imene inayamba mu 1991, inachotsetsa anthu ntchito m'mafakitale ambiri a nsalu ndi zitsulo. Ku ofesi kwathu munthu akangotchula Harare nkhani imatalika.

Matabeleland inali ndi anyamata oponya mpira mwamphamvu. Heath Streak, mwana wa mlimi wa ng'ombe ku Inyathi, ankalankhula Chindebele ngati mwini wake. Henry Olonga anabadwira ku Lusaka mu 1976, bambo ake a ku Kenya, mayi ake a ku Zambia, ndipo anaphunzira ku sukulu ya Plumtree. Analowa mu Chikho cha Logan mu 1994 ali ndi zaka 17, ndipo kumayambiriro kwa 1995 anakhala munthu wakuda woyamba kusewerera Zimbabwe mu Test. Masewero amenewo, olimbana ndi Pakistan ku Harare, ndiwo anali oyamba kuti Zimbabwe ipambane Test. Grant Flower anamenya marani 201 osatuluka, mkulu wake Andy 156, ndipo Streak anatulutsa anthu 9. M'nyengo ya 1995/96 kunatulukiranso mnyamata wina wobadwira ku Plumtree, Mpumelelo Mbangwa, amene ambiri mumamudziwa ndi dzina loti Pommie chifukwa cha ntchito yake youlutsa kiriketi pa wailesi ya kanema.

NYENGO YODUKADUKA

Mpikisanowo unayamba mu Seputembala 1995, mwezi umene Harare inkalandira masewero a maiko a mu Africa a All-Africa Games. Timu iliyonse inayenera kukumana ndi inzake, ndipo matimu awiri apamwamba ndiwo ankapita ku ndime yomaliza. Masewero ochepa chonchi anatenga miyezi isanu ndi iwiri chifukwa osewera omwewo ndiwo ankafunikanso ku timu ya dziko, ndipo ambiri anali ndi ntchito zina. Eddo Brandes, amene anazunza England mu 1992 muja, anali mlimi wa nkhuku.

Mu Okutobala 1995 kunabwera South Africa, imene inapambana Test ya ku Harare ndi mawiketi 7. Allan Donald yekha anatulutsa anthu 11, asanu ndi atatu mwa iwo m'chigawo chimodzi. Mu Januwale 1996 timu inapita ku New Zealand, kumene ma Test awiri anathera kufanana mphamvu. Ku Auckland Houghton anafika marani 104 fupa la phazi litathyoka. Kenaka mu Febuluwale ndi Marichi kunali World Cup ku India, Pakistan ndi Sri Lanka. Zimbabwe inapambana kamodzi kokha, pogonjetsa Kenya ku Patna, kumene Paul Strang anatulutsa anthu asanu. Kenya yomweyo inadabwitsa dziko pogonjetsa West Indies ku Pune pa 29 Febuluwale, ndipo chikho chinapita kwa Sri Lanka pa 17 Marichi ku Lahore.

Zonsezi zitatha ndi pamene anthu anakumbukiranso Chikho cha Logan. Matimu amene anafika ku ndime yomaliza anali Matabeleland ndi Mashonaland Country Districts. Mashonaland yeniyeni, imene inali ndi chikho, inatsalira panjira.

MASEWERO OMALIZA

Anayamba Lachisanu pa 19 Epulo 1996 pa bwalo la Bulawayo Athletic Club, mawa lake la tsiku lokumbukira ufulu wa dzikolo. Musaganize za chikhamu chonga cha pa Barbourfields Highlanders ikamasewera ndi Dynamos, kapena cha pa Chichiri tsiku la Bullets ndi Wanderers. Oonerera anali ochepa zedi, ambiri achibale ndi anzawo a osewera, ena atakhala pa mipando yopinda pansi pa mitengo, ena pa khonde la kalabu. Ife ochokera m'malokeshoni tinakhala pa udzu chakumalire, ndipo mawu a osewera ankamveka bwinobwino.

Kaputeni wa Matabeleland anali Wayne James, wobadwira ku Bulawayo komweko mu 1965, amenenso anali wiketikipa. Anali atasewera ma Test anayi mu 1993 ndi 1994, koma malo ake mu timu ya dziko anali ovuta chifukwa kaputeni Andy Flower nayenso ankavala magolovesi. Pa masiku amenewa James anachita zinthu zimene zinalowa m'mabuku a mbiri.

M'chigawo chimodzi cha Districts anatulutsa anthu 9, asanu ndi awiri powakha, awiri pogwetsa timitengo. Kumbukirani kuti timu imatha anthu 10 akatuluka, kusonyeza kuti mmodzi yekha ndiye sanadzere m'manja mwake. Ndi nambala imeneyi anafanana ndi Tahir Rashid wa ku Pakistan, amene anachita zomwezo mu 1992/93. M'chigawo chinacho anawakha ena anayi, onse pamodzi n'kukwana 13. Chiyambireni masewero a first-class panalibe wiketikipa amene anafikapo pamenepo. Nambala yakale inali 12, imene Ted Pooley wa timu ya Surrey ku England anaika mu 1868, ndipo Don Tallon ndi Brian Taber a ku Australia anangoifika osaipitirira. Chimene chinakhala zaka 128 chinagwa pamaso pa anthu oti mukanatha kuwawerenga.

Ntchito ya wiketikipa ndi yowawa. Mpira uliwonse amanyonyomala ndi kudzuka, tsiku lonse, maso ali pa dzanja la woponya. Munthu wotero akavula magolovesi amafuna kupuma. Koma James anatenganso thabwa n'kusenza timu yake. M'chigawo choyamba cha Matabeleland anamenya marani 99 n'kutuluka. Mu kiriketi marani 100 ndi ulemu waukulu, womenya amakweza thabwa m'mwamba, anthu amaimirira kuomba m'manja, ndipo mabuku amawerenga kuti munthu anafikapo kangati. Wa 99 salandira zimenezi.

M'chigawo chomaliza Matabeleland inkathamangitsa marani oti ipambane, ndipo James anaimanso nji. Anzake anayi anatuluka, iye ali pomwepo. Marani a timu ndi akeake ankakwera limodzi, ndipo tonse tinayamba kuyang'ana pa bolodi kuwerengera ngati otsalawo amukwanire. Anafika pa 99 kachiwiri, chipambano chili pafupi. Mpira unaponyedwa, sunakhudze thabwa, unamudutsanso wiketikipa wa Districts n'kugubuduka mpaka kumalire. Marani otere amatchedwa ma bye, ndipo amalembedwa kwa timu, osati kwa womenya. Marani 4 amenewo anatha masewero. Matabeleland inapambana ndi mawiketi 6 n'kutenga chikho, kaputeni wake atatsala pa 99 osatuluka.

Anthu anaomba m'manja kwinaku akuseka ndi kupukusa mitu. Marani 198 pa masewero amodzi, anthu 13 otulutsidwa, chikho m'manja, koma 100 ayi. Pobwerera kunyumba tinatsutsana njira yonse ngati munthuyo anali wamwayi kapena watsoka. James sanasewerenso Test ina. Nambala yake ya 13 inakhala zaka 15 mpaka pamene Ibrahim Khaleel wa timu ya Hyderabad ku India anatulutsa anthu 14 polimbana ndi Assam mu 2011.

AMENE SANALOWE M'BUKU LA MARANI

Timu imene inagonja tsiku limenelo ndiyo ili pafupi ndi mbiri yathu. Mashonaland Country Districts inachokera ku kiriketi ya alimi achizungu, amene ankasewera m'makalabu a m'madera a mafamu nyengo yachisanu, ntchito ya fodya ikachepa. Masewero ake akuluakulu ankachitikira ku Harare South Country Club. Pa mafamu amenewo antchito ambiri anali ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, kapena ana ndi adzukulu awo.

Tonse tikudziwa chimene chinkachotsa amuna kuno. Chiradzulu ndi boma laling'ono la anthu ambiri, ndipo gawo lalikulu la malo linali m'manja mwa eni maesiteti, monga A. L. Bruce Estates ku Magomero. Thangata ndi msonkho wa nyumba, zimene zinautsa Mbusa John Chilembwe ndi anthu ake ku Mbombwe mu Januwale 1915, ndi zomwenso zinkatumiza anyamata ku Halale ndi ku Joni. Ena ankalembedwa ndi Mthandizi, ena ndi Wenela, enanso ankangonyamuka okha wapansi kudzera ku Tete. M'nthawi ya chitaganya, kuyambira 1953 mpaka 1963, njira inatseguka kwambiri. Ambiri sanabwerere, ndipo timawatchula kuti matchona. Kumeneko eni dziko ankatitchula kuti Manyasarandi kapena Mabhurandaya, kutengera dzina la Blantyre.

Malume anga anapita m'zaka za chitaganya. Anagwira ntchito pa famu ina ya fodya zaka zambiri asanasamukire ku Bulawayo, ndipo ina mwa ntchito zawo inali yosamala bwalo la kalabu ya m'deralo. Ndi iwo amene anandiphunzitsa kuonera kiriketi. Kanjira kaja ka pakati pa bwalo sikachita kubwera kokha. Amathira dothi la makande, kuthirira, kudikira kuti liume pang'ono, kenaka amuna angapo n'kumakoka chigudumu chachitsulo uku ndi uku kwa masiku. Madzi akachuluka mpira umafa, akachepa dothi limang'ambika ndipo mpira umadumpha mosayembekezeka, mwina kuvulaza munthu. Malume ankangopondapo ndi chidendene n'kunena kuti, “Mphwanga, lero oponya adya bwino.” Kawirikawiri zinkakhaladi choncho. Ankadziwa malamulo onse, ankadziwa womenya amene amaopa mpira wothamanga, koma moyo wawo wonse sanagwirepo thabwa pa masewero enieni. Lamlungu ankajambula mizere ndi laimu, kunyamula madzi ndi kusintha manambala pa bolodi, ndipo madzulo ankabwerera ku komboni kumene akwathu ankavina gule wamkulu kapena beni monga kumudzi.

Buku la marani limalemba dzina la womenya, woponya, wowakha ndi oimbira. Wokonza bwalo mulibe. Ndikamawerenga kuti James anawakha mipira 11 pa masewero amodzi, ndimakumbukira kuti mpira sungafike m'magolovesi bwino chotero pokhapokha wina atakonza kanjira koti udumphepo. Paja amati mutu umodzi susenza denga.

ZIMENE ZINATSATIRA

Nyengo ya 1995/96 inali yomaliza kwa Country Districts mu Chikho cha Logan. Zaka zotsatira Mashonaland inalamulira mpikisanowo, ngakhale Matabeleland inachitenganso chikho mu 1998/99. Mu 1999/2000 anaonjezera matimu a Manicaland, Midlands ndi a sukulu ya kiriketi ya CFX Academy, pofuna kuti masewerowa afalikire.

Anyamata akuda anayamba kuchuluka. Mbangwa ndi Everton Matambanadzo analowa mu Test ku Pakistan mu Okutobala 1996. Ku lokeshoni ya Highfield mu Harare, kalabu ya Takashinga inatulutsa Hamilton Masakadza, amene mu Julayi 2001 anamenya marani 119 polimbana ndi West Indies pa Test yake yoyamba ali ndi zaka 17, ndi Tatenda Taibu, wiketikipa amene mu 2004 anakhala kaputeni wa dziko ali ndi zaka 20.

Ndale nazo zinalowerera. Kulanda mafamu kutayamba mu 2000, makalabu ambiri a m'madera aja anatsekedwa ndipo mabwalo anamera tchire. Antchito a pa mafamu anataya ntchito ndi pogona nthawi imodzi. Lamulo la unzika la 2001 linafuna kuti amene makolo awo anachokera kunja akane unzika wa dziko linalo, ndipo ambiri a akwathu obadwira komweko anapezeka alibe kwawo, ku Zimbabwe akuti ndi alendo, ku Malawi sadziwa ngakhale dzina la mfumu ya mudzi wawo. Ena munawaona akufika m'midzi yathu ino ndi tikatundu tochepa, akulankhula Chichewa chosakaniza ndi Chishona.

Mu Febuluwale 2003, pa World Cup ku Harare, Andy Flower ndi Henry Olonga anavala nsalu zakuda pamkono polira kufa kwa ufulu wa demokalase m'dziko lawo, ndipo onse awiri anachoka m'dzikomo mpikisanowo utatha. Mu 2004 Streak anachotsedwa pa ukaputeni ndipo osewera akuluakulu ambiri ananyanyala. Mu 2005/06 Chikho cha Logan sichinaseweredwe n'komwe, ndipo kumayambiriro kwa 2006 Zimbabwe inasiya kusewera ma Test mpaka mu Ogasiti 2011, pamene inabwerera ndi kugonjetsa Bangladesh ku Harare. Mu 2009/10 mpikisanowo unakonzedwanso ndi matimu asanu a maina atsopano, ndipo ya ku Bulawayo, Matabeleland Tuskers, inatenga chikho zaka zitatu zotsatizana kuyambira 2010/11. Heath Streak anamwalira ndi khansa mu Seputembala 2023 ali ndi zaka 49.

NANGA KWATHU KUNO?

Malawi sinakhalepo ndi mpikisano wa first-class. M'nthawi ya atsamunda kiriketi inali ya m'makalabu a azungu monga Blantyre Sports Club ndi Zomba Gymkhana Club, ndi a amwenye monga Indian Sports Club, ndiponso ya sukulu zochepa ngati St Andrew's. Kuchokera ku Njuli kapena ku Nguludi kukafika ku Limbe ndi ulendo waufupi, komabe ambirife tinamaliza Fomu 4 tisanaonepo mpira wa kiriketi. M'zaka za m'ma 1990 dziko lathu linali mu timu ya East and Central Africa pamodzi ndi Tanzania, Uganda ndi Zambia, imene inasewera mu ICC Trophy mu 1990, 1994 ndi 1997. Mgwirizanowo utatha mu 2003 Malawi inayamba kuima payokha, ndipo mu 2017 inakhala membala wa gulu la Associate m'bungwe la ICC. Mu Novembala 2019 timu yathu inasewera masewero ake oyamba ovomerezeka a mtundu waufupi wa T20 polimbana ndi Mozambique, ku Lilongwe ndi ku Blantyre, mu mpikisano wa Kwacha Cup, ndipo inapambana kasanu n'kugonja kamodzi.

T20 imatha m'maola atatu ndipo ndi yosavuta kukonza. Masewero a masiku atatu amafuna bwalo losamalidwa chaka chonse, madzi, chigudumu, oimbira ophunzira, olemba marani, ndi osewera amene abwana awo angawamasule Lachisanu. Zimbabwe inatha kuyamba mpikisano wotere ndi matimu anayi okha chifukwa zinthu zimenezi zinalipo kale, ndipo zina mwa izo zinali m'manja mwa amalume athu.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikupempha. Ndatha kulemba manambala a Epulo 1996 chifukwa wina anakhala pansi ndi pensulo masiku onsewo n'kulemba mpira uliwonse, ndipo buku lakelo linasungidwa. Mbiri ya abale athu amene anagwira ntchito m'mabwalo, m'mafamu ndi m'migodi ya ku Zimbabwe ili m'mitu ya nkhalamba zimene zikutha. Ngati kwanu kuli agogo kapena malume amene anabwerako, khalani nawo pansi, afunseni chaka chimene ananyamuka, njira imene anadzera, ntchito imene ankagwira ndi malipiro ake, ndipo lembani. Mukatero tumizani kwa a mkonzi kuti tiziwerenga tonse m'kalata zikubwerazi.

Moni kwa nonse a m'kalasi mwathu kulikonse kumene muli, ndi kwa aphunzitsi athu amene akali moyo.